Nyumba ya Pamadzi Imene Sindinagonemo

Ine kusambira sinditha. Ndinakulira ku Dedza, kumapiri, kumene madzi akuya ndi a m'chitsime basi, ndipo mpaka lero basi ikamawoloka mlatho ndimayang'ana kutsogolo. Ndiye anzanga akamva kuti ineyo ndinakonzapo ulendo wokagona m'nyumba yomangidwa pamwamba pa nyanja yamchere, amaseka mpaka kugwira nthiti. Asiyeni aseke. Pa nthawiyo zinali zanzeru kwa ine, ndipo pena ndikakhala pansi n'kuganiza bwino, ndimaonabe kuti zinali zanzeru ndithu.

Ndinanyamuka ku Mponela ndili ndi banja labwinobwino. Amuna anga a Levisoni ankaphunzitsa pasukulu ya pulayimale, mwana wathu Tadala anali wamng'ono, ndipo apongozi anga aNambewe tinkakhala nawo pakhomo chimwalirire amuna awo. Kunena zoona, ine ndi apongoziwo tinkamvana kuposa mmene ndinkamvanirana ndi mayi anga ondibala. Tsiku lonyamuka anandikazingira mtedza, n'kuumanga m'pepala la shuga, ati ndikadye m'ndege poti azungu sadziwa kudyetsa munthu. Mgwirizano unali woti ndikakhazikika, a Levisoni ndi mwana anditsatire. Koma nanga amayi akanatsala ndi yani? Tinayesa kuwapezera a Levisoni viza yongodzacheza, anawakaniza. Akuti sanakhutire kuti bambowo adzabwerera kwawo. Munthu woti akangopita ku Lilongwe amabwerako tsiku lomwelo chifukwa chodera nkhawa nkhuku.

Ku Croydon, kuno ku Ulaya, ndinkakhala m'chipinda chimodzi ndi Misozi, mtsikana wa ku Zambia wapakamwa pakuthwa koma wa mtima wabwino. Chipindacho chinali pamwamba pa shopu yogulitsa nkhuku zokazinga, moti zovala zathu zonse zinkanunkha mafuta. Khoma la kuzenera linkachita nkhungu nyengo yozizira, tikapukuta lero mawa yabwerera. Tonse tinkagwira ntchito panyumba ina yosungira okalamba, popita tinkakwera kaye tiramu, kasitima koyenda mumsewu, kenaka basi. Ntchito yake ndi yosambitsa anthu, kuwaveka, kuwatembenuza pabedi kuti asachite zilonda, kuwadyetsa ndi sipuni, ndi kuwapukuta akadziipitsira. Ena ankathokoza. Ena ankakutsina, kukulavulira, kukuuza kuti ubwerere kwanu, iwe uli chigwirire mwendo wawo kuti asagwe. Manja anga anang'ambika ndi sopo ndi magolovesi, msana unayamba kundiwawa ngati ndalima dimba lonse ndekha.

Chinthu chimodzi chimene ntchito imeneyo inandiphunzitsa ndi kava. Ukadwala, kapena ukafuna tsiku lopuma, manijala safunsa kuti chakuvuta n'chiyani. Funso lake ndi limodzi: wapeza kava? Ndiye kuti munthu wokugwirira shifiti yako. Ukampeza, nkhani yatha. Gogo wasamba, wadya, wamwa mankhwala, palibe wolakwa, ndipo palibe amene adzakumbuke kuti tsiku limenelo kunabwera wina. Ine ndi Misozi tinkagwirirana choncho nthawi zonse. Ine ndikafuna kupita kutchalitchi ku Lewisham iye ankandigwirira, iye akafuna kukaonana ndi chibwenzi chake cha ku Ilford ine ndinkamugwirira. Zinalowa m'magazi moti ndinayamba kuona ngati dziko lonse limayenda choncho.

Ulendo woyamba wobwerera kumudzi ndinauyembekezera ngati mvula yoyamba. Ndinanyamula masutikesi awiri, limodzi la katundu wa anthu ena, poti kuno munthu sukwera ndege osatumidwa. Ndinkaganiza kuti ndikapuma, ndikagona mpaka dzuwa kukwera, ndikacheza ndi amuna anga. Kunalibe zimenezo. Tsiku lotsatira lomwe apongozi anandikhazika pansi n'kuyamba kutchula maliro onse amene anachitika ine kulibe. Malume a a Levisoni, mkazi wa abusa, mwana wa aneba, azakhali ena a ku Madisi oti sindinawaonepo. Konseko ndinayenera kukapepesa, kuvala chitenje, kukhala pamphasa, kuwerama, kusiya kenakake m'manja. Ndikabwerako ndinkapeza pakhomo padzaza alendo odzandiona, ndipo mlendo sabwerera ndi njala. Amene ankaphika ndi ineyo, wochokera ku Ulaya, utsi uli m'maso. Azakhali awiri anabwera kudzagonera, m'chipinda chathu ndinkagona ine ndi iwo, a Levisoni n'kumagona pabalaza ndi achimwene awo. Tchuthi chonse chinatha osakhalapo awiriwiri n'kumaliza nkhani imodzi. Pabwalo la ndege tinatsanzikana pamaso pa anthu odzaza minibasi, a Levisoni anandigwira dzanja ngati mlendo wa kumpingo. M'ndege ndinalira, osati chifukwa chosiya kwathu, koma chifukwa ndinaona kuti ine ndi amuna anga tayamba kuchitirana manyazi.

Nkhani ya chilumba inayambira m'chipinda cha mayi wina wokalamba dzina lake Doreen. Mwana wawo wamkazi anabwera kudzawaona atapsa ndi dzuwa, akuchokera ku Maldives, n'kumawaonetsa zithunzi pafoni. Mayiwo anali atagona kale, ndiye zithunzizo anaonetsa ine, ndili ndi mbale ya phala m'manja. Tinyumba tofolera ndi udzu titaima pamitengo pakati pa madzi obiriwira, tilichonse pachokha, kanjira ka matabwa n'kumatilumikiza. Pansi pa chipinda pali galasi loti uzionera nsomba uli khale. Masitepe ochokera pakhonde amatsikira m'nyanja momwemo. Ndinamufunsa kuti, nanga anthu amakupezani bwanji? Anaseka, ati palibe amene amakupeza, ndicho cholinga chake. Chakudya amakubweretsera, bedi amakuyalira, ukafuna osaonana ndi munthu tsiku lonse zimatheka.

Ndili mu tiramu madzulo amenewo ndinafufuza pafoni. Ndinapeza kuti ngakhale ife a pasipoti ya Malawi safuna viza yokonzeratu, amakudindira ukafika. A Levisoni sangabwere kuno, ine ndikapita kumudzi ndimasanduka wa anthu onse, nanga bwanji osakumana pakati, pamalo poti palibe wachibale angafikepo? Ndinamuuza Misozi akudya chipisi pabedi.

“Iwe, uziba kusambira?” anandifunsa.

“Sindikupita kukasambira.”

“Manje uyenda kukachita chani pa manzi?”

“Kukaona nkhope ya amuna anga bwinobwino. Ndaiiwala.”

Anasiya kudya n'kundiyang'ana. “Ni zoona izo. Chita chabe. Ma shift nizakupasa, ine nalema nawo.”

Ndinagwira ntchito ngati bulu chaka chimenecho. Shifiti iliyonse yosowa munthu inali yanga, kumapeto a sabata, masiku a zikondwerero, zonse. Kumudzi sindinachepetse zotumiza, kuti asadabwe. Ulendowo ndinaukonza pang'onopang'ono, pa nthawi yopuma, m'kachipinda kochapira poti n'komwe kunkafunda. Ndinaphunzira kuti kumeneko kuli nyengo ya mvula ndi mphepo, ndipo yabwino ndi miyezi imene kuno kuzizira kwafika poipa. Ndinaphunzira kuti zilumba zina amakutengera pa kandege kotera pamadzi, ndipo ndinadziwiratu kuti a Levisoni sangakwere chinthu chimenecho ngakhale utawamanga, ndiye ndinasankha chapafupi chopita pa boti. Ndinasankha malo oti chakudya chonse chili momwemo, kuopa kukachita manyazi ndi mitengo. Ndinafunsa ngati amapereka majekete oyandamitsa munthu. Mtsikana wa ku kampani ya maulendo anandifunsa ngati ndikufuna nyumba yoyang'ana kotulukira dzuwa kapena kolowera, ine ndinangoti iliyonse imene ili kumapeto kwenikweni.

Misozi anandikokera kushopu kukagula chovala chosambira. Nditachiyesa ndinadziyang'ana pagalasi n'kufuna kuthawa. Mkazi wa mvano, mayi wa mwana, miyendo yonse pamtunda. Iye anaseka mpaka mayi wogulitsa anabwera kudzaona. Ndinagula ndithu, koma ndinagulanso nsalu yomangira pamwamba. Kutchalitchi sindinauze munthu. Amayi a ku Lewisham aja ndi abwino, ukadwala amakubweretsera ndiwo, koma nkhani ukaiuza mmodzi Lamulungu, Lolemba yafika ku Kasungu.

A Levisoni ndinawauza pa vidiyo, ali panja pa kalasi. Ndinawatumizira chithunzi. Anachiyang'ana nthawi yaitali, atatsitsa magalasi.

“Ndiye za kuchimbudzi zimapita kuti? M'madzi momwemo?”

“Bambo a Tadala, ndikukuonetsani paradizo, inu mukufunsa za chimbudzi?”

Anaseka, kuseka kwawo kwenikweni kuja kogwedeza mapewa, kumene ndinali ndisanakumve kalekale. Kenaka anatsitsa mawu. “Nanga amayi tiwauza kuti chiyani? Munthu wapeza tchuthi, osabwera kwawo, kukagona pamadzi?”

“Mudzati mukupita ku maphunziro a aphunzitsi. Tikabwerako tidzawauza.”

“Mmm. Tiona.”

Tiona wa a Levisoni ndinkamudziwa, nthawi zambiri ankatanthauza eya. Pasipoti yawo inali itatha, anakafola mzere mpaka anapeza yatsopano. Masabata amenewo tinkacheza pafoni ngati chibwenzi. Ankandifunsa ngati kumeneko kuli ng'ona, ngati atenge jekete la suti, ngati boti lake ndi la injini. Tsiku lina anandiuza kuti ayamba kuchita majowajowa m'mawa kuti mimba ichepe. Ndinaona kuti banja langa likubwerera.

Chakudza sichiimba ng'oma. Kutatsala miyezi yochepa, a Levisoni anandiimbira masana ndikudyetsa munthu. Amayi agwa kubafa, mbali imodzi yafa, pakamwa papotoka, ali kuchipatala. Sitiroko ndinkaidziwa bwino, ndinkakhala nayo tsiku ndi tsiku. Koma chipatala cha kwathu si cha kuno. Wodwala amafunika womudwazika, woti agone pansi pafupi ndi bedi, amusambitse, amuphikire kumagadiyani, amuchapire. Ndipo ku wodi ya amayi mwamuna sagonako. Kwa a Levisoni kunatsala amuna okhaokha, mlongo wawo mmodzi yekhayo anamwalira kale. Akazi a achimwene awo, wina anali ndi khanda, wina anali atanyanyala banja. Masiku oyamba ankasinthana amayi a kumpingo.

“Anthu akufunsa,” anatero a Levisoni.

“Akufunsa chiyani?”

“Kuti mtengwa wamkulu ali kuti.”

Ndinapsa mtima. Mtengwa wamkulu ali kuti? Malata a nyumba imene akugonamo anagula ndani? Galimoto imene inawatengera amayi kuchipatala analipira ndani? Komabe ndinapita kwa manijala. Anandimvera chisoni mwachizungu, ati nditha kutenga tchuthi changa chonse pompano ngati ndikufuna, koma china sichipezekanso mpaka chaka chamawa, ndipo ndikapitirira masiku, ntchito ndi viza zili pachiswe. Ndinakhala m'kachipinda kochapira kaja n'kuganiza ngati munthu wa ntchito yake. Sitiroko si malungo. Imafuna miyezi, mwina zaka. Ndikapita masabata ochepa, ndikabwerako amayi adzakhalabe chigonere, wowasamala adzafunikabe, ulendo wathu udzakhala utapita, ndipo ndikataya ntchito tonse tidzamwa madzi. Chofunika si ine, chofunika ndi manja odziwa ntchito, okhalitsa. Ndinaona kuti pakufunika kava.

Esinati ndinamupeza ndekha. Tinkaimbira limodzi kwaya, mayi wamasiye wofatsa, wogulitsa tomato pamsika, wopanda mwana. Ndinamuimbira, ndinamupempha, tinagwirizana kuti ndizimuthandiza mwezi ndi mwezi. Anavomera mwaulemu, ati ngakhale popanda kanthu akanachita, aNambewe ndi mayi wa tonse. Ndinamuphunzitsa pa vidiyo zonse zimene ndinkadziwa. Mmene amatembenuzira munthu osamukoka mkono wakufawo, mmene amamukhazikira tsonga asanamudyetse kuti asatsamwe, malo oyenera kuyang'ana zilonda, mmene amaongolera zala. Anali ndi mutu wogwira. Amayi atatuluka m'chipatala, Esinati anasamukira pakhomo pathu kuti azigona nawo m'chipinda. Ndinanyadira kwambiri, ndinamuuza Misozi kuti apongozi anga akusamalidwa kuposa a Doreen.

“Uyo mukazi ali na mwamuna?” anafunsa, akusita yunifomu.

“Anamwalira.”

“Oho.”

“Oho chiyani?”

“Palibe, ba sister. Nafunsa chabe.”

Ndinamunena kuti ali ndi maganizo oipa chifukwa cha chibwenzi chake cha ku Ilford chija. Anapitiriza kusita.

Nthawi ya ulendo itayandikira, a Levisoni anati sangachoke. Ndinawauza kuti Esinati alipo, ndi masiku ochepa chabe. Iwo ati, anthu adzati chiyani akamva kuti mayi ali gone, mwana wakwera ndege? Ndinawamvetsa. Ndinaimbira kampani ija, anavomera kusuntha tsiku. Tchuthi ndinachisunganso, poti ndikanachigwiritsa ntchito kupita kumudzi, cha kuchilumba chikanachokera kuti? Apa ndi pamene anthu amandiweruzira. Amati bwenzi utangopita nthawi imeneyo. Mwina. Koma ine ndinkaona kuti kumudzi ndikangokhala pamphasa ndi kuphikira alendo ngati ulendo uja, ndipo chimene chinkadwala kwambiri m'maso mwanga chinali banja langa. Amayi anali ndi wowasamala. Banja lathu linalibe.

Miyezi inapita. Amayi anayamba kuyankhula, mawu olemera koma omveka, kenaka kukhala pampando pakhonde. Ndikaimba, foni ankaigwira ndi Esinati, kuwalozetsa nkhope, kuwapukuta malovu ndi nsonga ya chitenje chake, kundimasulira zimene anena. Tadala nkhani zake zonse zinali za anti Esinati, andiluka tsitsi, andiphunzitsa kuphika futali, anabwera kusukulu tsiku la makolo. Atakula chinamwali, amene anamulangiza ndi kumupezera anamkungwi anali Esinati, ine ndinamva patapita sabata. Ndinathokoza, koma usiku wake chakudya sichinalowe. A Levisoni mafoni awo anafupika. Muli bwanji, tili bwino, amayi adya, netiweki ikuvuta. Za ng'ona ndi boti anasiya kufunsa. Nditawakumbutsa za tsiku latsopano anati tiona, koma tiona ameneyu anali wina.

Kuno nako zinthu sizinali bwino. Misozi anapeza ntchito kuchipatala n'kusamuka, m'chipinda munalowa mtsikana wina wosayankhula. A Doreen anamwalira. Msana unafika poti m'mawa ndinkavala nsapato nditakhala pansi. Chimene chinkandidzutsa chinali kanyumba ka kumapeto kaja. Ndikakhala m'basi mvula ikuwaza pazenera, ndinkatsegula chithunzi n'kumawerenga za chakudya cham'mawa chimene amachiyandamitsa pamadzi m'thireyi. Ndinkadziwa kanjira konse ka matabwa ngati ndinayendapo.

Amene ananditsina khutu ndi achimwene anga a Yohane, omwe ndi ankhoswe anga. Iwo saimba foni wamba, amaopa mayunitsi. Tsiku limenelo anaimba okha, ndili pa siteji ya tiramu.

“Mlongo, za kuchilumbazo tazimva.”

“Mwamva kwa ndani?”

“Mponela yense akudziwa. Pasipoti ija alamu anaionetsa mnzawo. Anthu akuti apongozi ali chigonere chaka chathunthu, mtengwa akukonza zokasewera m'madzi. Ine sindikuweruzani, ndikudziwa mmene mumavutikira. Koma abale a amuna anu anabwera kuno. Akufuna tikhale pansi.”

“Nkhani yake yotani?”

“Bwerani, mlongo. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Zinazo zisiyeni.”

Mawa lake ndinaimbira kampani ija kuti ulendo ndausiya. Mtsikana yemwe uja anapepesa, n'kundifunsa ngati zonse zili bwino kunyumba. Ndinati zili bwino. Chovala chosambira ndinachisiya m'thumba la zopereka pakhomo la shopu ina, chili ndi pepala lake la mtengo. M'sutikesi ndinadzazamo sopo wa khungu lofewa, mafuta opaka, matewera a akulu, nsalu yoterera yotembenuzira wodwala. Ndinapita ngati munthu wopita kunkhondo ndi zida zake.

Pakhomo ndinapapeza posesedwa bwino, maluwa atadzalidwa m'zitini. Nyumba inali yanga yomweyo koma zinthu zinali m'malo ena. Makapu anali kumene ndinkaika mbale, makatani anali achilendo. Tadala anali atandipitirira msinkhu, anandigwadira n'kundipatsa moni ndi manja awiri, kenaka anakaima kukhomo la khitchini. Esinati anandilandira chikwama, anandiikira mpando pamthunzi, anabwera ndi madzi osamba m'manja atagwada. Panalibe chamwano chilichonse mwa iye, ndipo chimenecho ndi chimene chinandipweteka kwambiri. Ndikanakonda andinyoze kuti ndipeze pogwira. Apongozi anali atagona, ndinangowasuzumira. Anali ataonda koma oyera, tsitsi lopesedwa, m'chipinda mopanda fungo.

A Levisoni ndinawapeza kuseri, pafupi ndi khola la nkhuku, dzuwa likupendeka. Anali ndi imvi zimene pa vidiyo sizinkaoneka.

“Bambo a Tadala, ndiuzeni ndi pakamwa panu. Loweruka ankhoswe akudzakamba chiyani?”

Anatola kamtengo n'kumakathyolathyola. “Abale akuti Esinati asachoke pakhomo pano.”

“Ndani wati achoke? Ndinamubweretsa ndine. Apitirize ntchito, ndizimulipira.”

“Ndalama zanu anasiya kalekale kudya. Amagulira amayi zipatso ndi mkaka.”

“Ndiye akhale ngati ndani?”

Nkhuku zinkalowa m'khola imodziimodzi.

“Inuyo mukufuna chiyani?” ndinafunsa.

“Ine ndatopa, mayi a Tadala. Sindinakuiwaleni, Mulungu akudziwa. Koma tsiku limene amayi anadziipitsira koyamba, ine ndinaima pakhomo ndi beseni, mwana wamwamuna, osadziwa kolowera. Inu munali pafoni kundiuza za boti.”

“Ndinkachitira ife.”

“Ndikudziwa.” Anataya timitengo tija. “Ine ndinawauza abale kuti sindinena kanthu. Amene wadwala ndi amayi, amene aona zonse ndi amayi. Chimene anene iwo Loweruka, ine sindidzatsutsa.”

Kunena zoona, mawu amenewo anandilimbitsa mtima. Ngati nkhani ili m'manja mwa aNambewe, ndiye kuti sinathe. Mayi amene uja tinkasenda limodzi chimanga tikuseka anthu a m'mudzi, amene ankandiikira kumbuyo ndikakangana ndi mwana wawo, sangandigulitse chifukwa cha chaka chimodzi. Ndinangofunika kuwaonetsa kuti ndabwera, ndipo manja anga ndi omwe aja.

M'mawa mwake ndinadzuka Esinati asanatuluke kubafa. Ndinakoleza moto ndekha, ndinatenthetsa madzi, ndinawayesa ndi chigongono monga timachitira kuntchito. Ndinatenga sopo ndi mafuta aja, thaulo latsopano paphewa, chitenje ndamanga bwino. Ndinagogoda, ndinalowa, ndinaika beseni pansi n'kugwada pafupi ndi bedi.

Anali maso. Atandiona nkhope yawo inawala mbali imene inkathekayo, anatambasula dzanja lamoyo n'kundigwira tsaya.

“Mayi a Tadala. Mwabwera.”

“Ndabwera, amayi.”

“Mwaonda. Azungu aja sakukudyetsani.” Anayankhula pang'onopang'ono, mawu akukoka. Anandithokoza chifukwa cha bulangeti limene ndinatumiza, ndi mpando wa matayala, ndi mankhwala. Anafunsa ngati kuzizira kwatha kumene ndachokera. Anafunsa za msana wanga, ati anamva kuti umandivuta, ndipo amandipempherera. M'maso mwanga munalengeza misozi, ndinati basi, mayi anga ndi omwewa.

“Amayi, ndabwera ndi madzi. Ndikusambitseni, ndikudzozeni mafuta awa, ndi abwino kwambiri pakhungu.”

Ndinagwira nsonga ya bulangeti kuti ndiwafundukule. Dzanja lija linachoka patsaya panga n'kugwira bulangetilo pachifuwa, mwamphamvu zimene sindinkayembekezera. Sanakwiye. Anandiyang'ana mwachifundo, mwaulemu, mmene munthu amayang'anira mlendo amene wafuna kutsuka mbale.

“Iyayi, musavutike. Mwayenda ulendo wautali, kakhaleni pampando mupume. Thupi ili laonongeka, si loonetsa alendo.”

“Amayi, ndi ntchito yanga imeneyi. Ndimasambitsa anthu tsiku lililonse.”

“Ndikudziwa, mwana wanga. Amenewo ndi odala.” Anapumira kaye, n'kutembenuzira maso kukhomo. “Madziwo asiyeni pomwepo asazizire. Mundiitanire mpongozi wanga.”

Ndinakhala chigwadire kanthawi, thaulo lili paphewa. Kenaka ndinadzuka, ndinatuluka, ndinaima pakhonde la nyumba yanga, a Levisoni ali potero akupukuta nsapato, Tadala akusesa. Ndipo ndi pakamwa panga pomwe, ndinaitana Esinati.